Gadiyani wa Esnart ndi Chikwama cha Mandasi

Pali nkhani zina zimene munthu umangouza Mulungu yekha, ndipo Iyeyonso umamuuza monong'ona. Iyi ndi imodzi mwa nkhani zoterozo. Koma poti Esnart wayamba kale kuifotokoza paliponse pamene pakumana Amalawi, n'kumathiramo mchere wakewake, kuli bwino muimve kwa mwini manyazi. Ndinena monga zinachitikira, mawu a munthu aliyense monga anawanenera. Wofuna kuseka aseke, ndakhululuka kale.

Esnart ndi mwana wa malemu achemwali anga. Mayi ake atatisiya ndinamutenga ine, choncho amanditchula kuti Amayi, ine n'kumavomera ndi mtima wonse. Pano ndi mzimayi wapabanja pake, amakhala ku Balbriggan, kufupi ndi mzinda wa Dublin, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku nursing home. Ine ndimakhala ku Lucan, mu Dublin momwemo. M'mawa ndimakonza m'maofesi, Lachinayi ndimatsogolera mapemphero a amayi, masiku enawo ndimamvetsera mavuto a anthu pa foni.

Esnart ndi wathupi kuyambira ali wamng'ono. Kumudzi anthu ankandiyamikira nalo thupi limenelo. "Anabanda, mwana wamasiyeyu mukumusunga bwino!" Ine n'kumanyadira. Koma atakula zinthu zinatembenuka. Kunabwera shuga, kunabwera BP, mawondo anayamba kulira ngati chitseko chakale. Kuntchito akakwera masitepe ankafika pamwamba ali wefuwefu, agogo amene amawasamalira n'kumamufunsa ngati akufuna mpando. Madokotala anayesa izi ndi izo, pomaliza anati pakufunika opaleshoni yochepetsa chifu.

Tsiku lina madzulo anandiimbira.

"Amayi, a insurance avomera opaleshoni ija."

"Aleluya! Mulungu ndi wabwino!"

"Dikirani kaye. Akuti ndiyambe ndaonana ndi psychologist. Zimenezo ndiye akuti ndilipire ndekha."

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Dokotala wa maganizo."

"Iwe, vuto lili m'mimba, iwo akufuna akayeze mutu?"

"Ndi mmene amachitira kuno. Amafuna aone ngati munthu wakonzeka, ngati adzatha kusintha kadyedwe, ngati ali ndi anthu omuthandiza akatuluka m'chipatala."

"Chabwino. Ndi zingati?"

"Three hundred and fifty euro."

Ndinakhala pansi. "Pa chaka?"

"Ulendo umodzi, Amayi."

"Akakubaya jakisoni?"

"Ayi."

"Mapiritsi?"

"Ayi. Kucheza basi. Iwo amafunsa, ine ndimayankha, iwo amamvetsera."

Kumvetsera! Ine ndakhala ndikumvetsera mavuto a Amalawi a mu Dublin muno zaka zonsezi, malipiro ake tiyi, nthawi zina wopanda ndi mkaka womwe. Sindinkadziwa kuti ndakhalira mgodi.

Ndinamuuza zimenezo, koma Esnart sanaseke. Mawu ake anatsika.

"Amayi, akanena kuti sindinakonzeke, ndiye kuti ndizipitanso kangapo, ulendo uliwonse kulipira, ndipo tsiku la opaleshoni apatsa wina. Ine ndalama ina ndilibe. Imeneyi ndi ya ma extra shift amene ndagwira ndi mawondo omwewa. Ndiyenera kukhoza kamodzi n'kamodzi."

"Ukhoza, mwana wanga."

"Akuti ndikhoza kubwera ndi munthu amene adzandisamalire ndikatuluka. Bambo a kunyumba ali pa msewu ndi lole sabata yonse. Mundiperekeze inuyo."

M'mutu mwanga munalowa liwu limodzi lokha: gadiyani.

Za ugadiyani ndiye musandiuze. Ndinaugwira miyezi yambiri mayi ake a Esnart yemweyo ali m'chipatala chachikulu kwathu. Ndinkagona pansi pa bedi, ndinkaphika pa mafuwa kuseri kwa wadi, ndipo ndinaphunzira lamulo limene aliyense amalidziwa ngakhale palibe amalinena: wodwala amadziwika kuti ali ndi abale poona makontena ali pa kabati yake. Pa kabati pakakhala mbee, wadi yonse imanong'onezana kuti uyu ngotayidwa. Pakadzaza, ngakhale anamwino amalankhula naye mwaulemu. Achemwali anga anamwalira, inde, koma anamwalira pa kabati pali podzaza. Zimenezo zimanditonthoza mpaka lero.

Ndiye nditamva zoti adokotala akufuna aone ngati Esnart ali ndi anthu, ndinati funso limeneli ndi langa, ndipo yankho lake ndikulidziwa.

Kunena zoona, Esnart anandiuzapo kuti masabata oyamba akadzachitidwa opaleshoni azidzangomwa zamadzimadzi. Ine ndinayankha kuti, "Mmm." Koma mumtima ndinati zipatala n'chimodzimodzi kulikonse, ngakhale ku Ulaya. Kwathu phala lamadzi, kuno supu wamadzi. N'chifukwa chake pali magadiyani.

Lachinayi titatha mapemphero ndinauza amayi kuti Esnart ali ndi opaleshoni ya m'mimba. Sindinanene kuti ndi yanji, ine ndimasunga chinsinsi. Amayi aja anagwidwa chisoni. Pompo anayamba kulimbirana masiku oti azidzaphika, wina mpaka kukwiya chifukwa anamupatsa tsiku limodzi lokha. Esnart sindinamuuze. Ndinati udzakhale mdalitso womudzidzimutsa.

Tsiku la appointment ndinalawirira. Ndinakazinga mandasi, ndinakazinga nkhuku, ndinaphika mpunga wothira anyezi ndi mafuta okwanira, n'kulongedza zonse mu cooler bag yanga yabuluu. Munthu akachoka pa mayeso amakhala ndi njala, zimenezo n'zodziwika.

Tinakumana mu town, pa siteshoni ya sitima. Esnart anali atavala diresi lake la kutchalitchi, nkhope ili gwa, milomo youma. Anayang'ana chikwama chija.

"Muli chiyani umo?"

Ine bodza sindilitha. "Zinthu za gadiyani."

Likanakhala tsiku lina akanatsegula. Koma mantha anali atamugwira, moti anangopukusa mutu.

"Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Akakuitanani, muziyankha mwachidule. Yes, no. Basi. Musakayambe maumboni."

"Ine ndimalankhula zambiri ngati?"

"Yes, no, Amayi."

Kuchokera pa siteshoni kukafika kwa adokotala sipanali patali, koma tinaima panjira kuti mawondo apume. Esnart anatsamira mpanda wachitsulo, akupuma movutikira.

"Sabata yatha agogo ena anagwa m'bafa kuntchito," anatero. "Ine ndinali pompo. Ndinalephera kugwada kuti ndiwagwire mutu, ndinachita kukuwa kuitana wina. Amayi, ndatopa nalo thupi ili. Lero zikakanika sindikudziwa kuti nditani."

Chisoni chinandigwira. Ndinafuna kumupatsa mandasi pompo kuti alimbe mtima, koma ndinati ayi, mafuta angadonthere pa diresi. Adye akamaliza.

Malowo anali nyumba yakale ya njerwa zofiira, chitseko chachikulu, mkati kapeti yoti phazi limamira. Munali zii ngati pamaliro a munthu wolemera. Mtsikana wa pa reception anamwetulira n'kukankhira kamakina kolipirira ndi khadi patsogolo pa Esnart. Mwana wanga analowetsa khadi, anadina manambala, kamakina kanangoti tii! Ma shift onse aja, mawondo onse aja, n'kulowa m'kabokosi kochepa ngati sopo.

Posakhalitsa chitseko china chinatseguka. Adokotala ake anali mzimayi wachichepere, woti ndikanatha kumubereka, wovala magalasi ndi juzi yotuwa. Anatenga Esnart. Ine anati ndidikire, andiitana chakumapeto.

Ndinakhala pampando, chikwama pakati pa miyendo, n'kuyamba kupemphera chamumtima. Ndinapempherera Esnart, ndinapempherera adokotala, ndinapempherera ndi cholembera chawo chomwe. Pakhoma panali wotchi. Muvi ukasuntha ndinkamva ngati ndalama ya mwana wanga yagwera m'ngalande.

Kenako fungo linayamba. Zipi ya chikwama changa ili ndi kampata pakona, ndipo mandasi otentha sasunga chinsinsi. Moyang'anizana nane panakhala bambo wina wachizungu, wathupi kuposa Esnart, nayenso akudikira nthawi yake. Ndinaona mphuno yake ikugwedera. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pawindo, anayang'ana chikwama.

"Something smells gorgeous," anatero ndi mawu achisoni.

Dzanja langa linapita lokha pa zipi, poti kwathu munthu sangayamikire fungo iwe n'kungomuyang'ana. Koma bamboyo anadzuka msangamsanga, n'kukakhala pampando wakutali pafupi ndi khomo, n'kutsinzina. Ndinati kani nayenso ndi munthu wopemphera.

Patapita nthawi yaitali chitseko chinatseguka, adokotala anandikodola. Nditalowa, chinthu choyamba kuona chinali maso a Esnart. Ofiira! Pa tebulo panali kabokosi ka tishu, m'manja mwake tishu wonyowa.

Ndinati basi, mwana walephera. Mwana akatuluka m'mayeso akulira sufunsa kuti zayenda bwanji. Ndalama zapita, opaleshoni yapita, ndipo amene watsala kuti apulumutse zinthu ndi gadiyani. Ndinati, Ambuye, ndipatseni mawu.

Adokotala ankalankhula Chingerezi, ine ndikupatsani m'Chichewa monga ndinamvera.

"Zikomo pobwera. Esnart wandiuza kuti munamulera ndinu, ndipo wavomera kuti mukhale nafe nthawi yatsalayi. Ndikufuna ndimve kwa inu. Akadzatuluka m'chipatala, mudzamuthandiza bwanji?"

Ndinakumbukira malangizo. "Yes."

Adokotala anadikira. Inenso ndinadikira.

"Ndimati, mwakonza zotani kunyumba?"

"No."

Esnart ananditembenukira, maso ali psuu. "Amayi, yankhani bwinobwino!"

Eya. Anandimasula yekha. Zimenezo azikumbukira akamafotokoza nkhaniyi.

Ndinakhazikika pampando. "Adokotala, mwana uyu mayi ake anamwalira, koma si wotayidwa. Ali ndi anthu. Sadzagona ndi njala ngakhale tsiku limodzi."

Adokotala analemba kenakake. "Tandiuzani zambiri."

Zambiri! Ndiye kuti zimene ndanenazi zachepa. Ndinati musadandaule, nkhokwe ilipo.

"Tagawana kale masiku. Anaphiri a ku Crumlin anati, 'Lolemba ndi langa. Ndidzaphika nkhuku yolimba ija ya ku African shop, osati tinkhuku tofewa ta azunguti.' Pepani adokotala, ndi mmene ananenera. Mayi Tembo, anzathu a ku Zambia, anati, 'Ine nizabwela na vitumbuwa na chikanda, mwana afunika adye maningi kuti chilonda chipole.' Mayi Gondwe anati, 'Nthochi zophika ndi nyama ya mbuzi, poto wodzaza, ndipo ndidzakhala pompo mpaka amalize.'"

Cholembera cha adokotala chinayamba kuthamanga. Ndinamva phazi la Esnart likuponda langa. Ndinati mwana akundilimbikitsa.

"Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku anga," ndinapitiriza. "Amenewo ndiye sitiwerenga mbale."

"Amayi, basi," Esnart ananong'ona.

Ana oleredwa bwino amachita manyazi akamaonetsedwa chikondi pagulu. Ndinamusisita bondo.

"Mukudziwa kuti opaleshoniyi ndi yochepetsa chifu?" adokotala anafunsa.

"Ndikudziwa bwino, ndipo ndaganizira kale. Nkhokwe ikakhala yaing'ono sumasiya kukolola ayi, umangotuta pafupipafupi. Panopa amadya katatu. Tidzangochulukitsa maulendo."

Adokotala anandiyang'ana kanthawi. Ndinati yankho limeneli lawagwira mtima.

"Nanga Esnart akanena kuti wakhuta?"

Ndinaseka pang'ono. "Sanganene, ndinamulera bwino. Ndipo akanena, timadziwa kuti ndi ulemu chabe. Kwathu munthu amakana koyamba, amakana kachiwiri, kachitatu amadya."

"Akakana kachitatu?"

"Ndiye kuti matenda akula. Timamudyetsa ndi sipuni."

Analemba. Anatembenuza pepala. Analembanso.

"Esnart akakhumudwa, inu mumatani?"

"Ndimapemphera naye, kenako ndimamuphikira."

"Akasangalala?"

"Timayamika Mulungu, kenako ndimamuphikira."

"Nanga tsiku loti sanakhumudwe, sanasangalale?"

"Limenelo amabwera yekha kudzatenga."

Esnart anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri. Adokotala anaika cholembera pansi, anavula magalasi, n'kutembenukira kwa iye.

"Esnart, zimene takambirana awiri zija zinandilimbitsa mtima, moti ndinali wokonzeka kulembera dokotala wa opaleshoni. Koma tsopano ndili ndi nkhawa ndi mmene zinthu zidzakhalire kunyumba. Mwina ndi bwino tikumanenso kangapo tisanapitirire."

Mawu oyambirirawo ndinadzawamvetsa pambuyo pake. Panthawiyo m'khutu mwanga munangolowa amodzi: tikumanenso. Kamakina kaja kanalira tii m'mutu mwanga! Ndinati vuto ndaliona, mzimayiyu sakundikhulupirira. Akuganiza kuti ndikungolonjeza pakamwa. Kuno chilichonse amafuna umboni, ngakhale kubanki sakumvera popanda proof of address.

"Adokotala, dikirani!"

Ndinakoka chikwama n'kutsegula zipi. Ndinasuntha kabokosi ka tishu. Kontena yoyamba, mandasi. Ina, nkhuku. Ina, mpunga. Ndinavundukula zonse, fungo n'kudzaza chipinda mpaka m'makatani.

"Umboni ndi uwu! Ndipotu apa n'kuti opaleshoni isanachitike!"

Ine chakudya sindigawa ndisanachidalitse, choncho ndinati, "Tiyeni tipemphere." Ndinapemphera mwachidule, poti nthawi ya m'chipinda chimenecho ndi yodula. Nditati ameni ndinapeza adokotala nawonso aweramitsa mutu, kaya mwaulemu, kaya mutuwo unkawapweteka.

Ndinanyamula kontena ya mandasi ndi manja awiri n'kuifikitsa kwa Esnart.

"Idya, mwana wanga. Adokotala aone kuti uli ndi anthu."

Esnart chibadwire anali asanakanepo chakudya chochokera m'manja mwanga. Ndinaona dzanja lake likunyamuka lokha, monga linazolowera zaka zonsezi. Linafika pakati n'kuima. Adokotala sanalembe kanthu. Anangoyang'ana dzanja limenelo.

Kenako Esnart anachita chinthu chimene sindinachiyembekeze. Anatsetsereka pampando n'kugwada pa kapeti. Ndi mawondo aja! Onse awiri analira, ndinawamva ndi makutu angawa.

"Amayi," anatero m'Chichewa, "sindidya."

Ndinamwetulira kwa adokotala kuti asade nkhawa. "Kameneko n'koyamba. Tenga."

"Ayi."

"Kachiwiri. Tenga tsopano, nthawi ikutha."

"Amayi, ngakhale mufike kakhumi! Sindidya lero, ndipo ndikadzatuluka m'chipatala sindidzadya zimenezi. Akandidula, chifu changa chidzatsala ngati dzira. Zamadzimadzi zija si umphawi wa chipatala ayi, ndi mmene bala limapolera. Mandasi awa akhoza kundibwezera ku theatre. Nthochi za Mayi Gondwe zikhoza kundipha. Ndinakuuzani, inu munati 'Mmm.'"

Misozi inali chuchuchu, koma sanasiye.

"Ndimakukondani, Amayi. Munandilera pamene ndinalibe wina. Koma theka la thupi ili munaphika ndinu. Ngati mukufuna ndikhale ndi moyo, tsekani makontenawa."

Thupi langa lonse linazizira ngati ndaima pa bus stop mu January wopanda jekete. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Mwana sanalephere ayi. Anali atakhoza yekha, misozi ija inali ya munthu amene watula katundu. Wobwera kudzamulepheretsa ndinali ine, gadiyani.

Adokotala anafunsa motsitsa mawu, "Wanena chiyani?"

Esnart sakanatha kuyankha, anali akusisima. M'chipindamo wodziwa zilankhulo zonse ziwiri amene anatsala ndinali ine.

Abale, Satana anandinong'oneza. Anati ungonena kuti mwana akuti wakhuta, akadyera kunyumba. Adziwe ndani? Koma bodza limenelo likanapulumutsa nkhope yanga n'kumiza opaleshoni ya mwana. Ndiponso ine mawu a munthu sindiwasintha, ngakhale akhale ondibaya.

Ndinaimirira, kontena ikadali m'manja, n'kumasulira ndekha chiweruzo changa.

"Akuti sadya. Akuti ngakhale ndimuuze kakhumi. Akuti chakudya cha anzanga chikhoza kumupha. Akuti anandiuza koma sindinamve. Akuti amandikonda." Ndinayang'ana mandasi aja. "Akutinso theka la thupi lake ndinaphika ndine."

"Half?" adokotala anafunsa.

"Half, doctor."

"Anayamba wakukaniranipo chakudya?"

"Chibadwire, lero n'koyamba."

"Ndiye inu mutani?"

Ndinayang'ana mwana wanga ali chogwada pa kapeti ya eni, diresi la kutchalitchi litanyowa pachifuwa. Ndinatenga chivundikiro n'kutseka mandasi. Ndinatseka nkhuku. Chivundikiro cha mpunga chinavuta monga mwa nthawi zonse, ndinachita kuchikanikiza ndi chigongono pa tebulo la adokotala, onse awiri akundiyang'ana. Palibe chivundikiro chimene chinachedwapo kutseka ngati chimenecho.

Kumudzutsa Esnart tinachita kuthandizana, ine mkono uwu, adokotala mkono uwo.

Titakhalanso pansi, adokotala anavala magalasi n'kutenga cholembera. Ndinati, Ambuye, ngati pali chilango chigwere ine, mwanayu alibe mlandu.

"Pa mafunso onse amene ndimafunsa," anatero adokotala, "lovuta kwambiri ndi lakuti kodi munthu adzatha kukana chakudya kwa anthu amene amawakonda. Aliyense amandiyankha kuti adzatha. Ine ndimangolemba, poti ndilibe poonera. Lero ndaona ndi maso. Esnart, ndilembera dokotala wa opaleshoni kuti mwakonzeka."

"Osabweranso?" Esnart anafunsa, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

"Inu ayi." Anandiloza ndi cholembera. "Koma mayi anuwa. Kuchipatala kumakhala kalasi ya achibale, kumene amaphunzitsa zoyenera kumupatsa munthu akachitidwa opaleshoni imeneyi. Ndikufuna akapezekeko."

"Ndi zingati?" ndinafunsa.

"Ndi yaulere." Anasuzumira pa zimene analemba zija. "Mukatengenso Anaphiri ndi Mayi Tembo. Makamaka Mayi Gondwe."

Potuluka ndinayesa kupepesa m'njira yokhayo imene ndimaidziwa. Ndinakweza chikwama pang'ono. "Adokotala, kapena inuyo..."

Esnart anandikoka mkono mpaka panja.

Kunja kunkawaza kamvula kaja ka kuno, kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoganizira. Tinayamba ulendo wobwerera. Ine maso pansi, chikwama chikulemera kuposa m'mawa. Titafika podikirira basi ndinalimba mtima.

"Mwana wanga, undikhululukire. Ndikanakutayitsa thukuta lako lonse."

Esnart anandiyang'ana, maso akadali ofiira. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akuliranso, koma ayi, kunali kuseka, kuseka koti mpaka anagwira chitsulo kuti asagwe, anthu n'kumatitembenukira.

"Amayi! Three fifty yonse ija ndalipira kuti andiyese, osadziwa kuti mayesowo ndabwera nawo ndekha, atavala duku, atanyamula cooler bag!"

Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti amutalikitse mwana wanga ku mayesero, osadziwa kuti mayeserowo amakhala ku Lucan ndipo amakazinga mandasi.